Ana a autism ndi malangizo a mabungwe pa nkhani ya kudzimva mnyamata kapena mtsikana: tikhulupirire ati?

Abiti Yusufu (mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera):
Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani yomwe ikusowetsa mtendere makolo ndi aphunzitsi a ana a autism (kakulidwe ka ubongo kosiyana komwe kamakhudza kulankhula, kucheza ndi anthu ndi mmene mwana amamvera zinthu), makamaka a zaka 11 mpaka 16 omwe amagwira foni. Mtsikana amatha kunena kuti iye ndi mnyamata, kapena mnyamata kunena kuti ndi mtsikana. Kholo likayang'ana m'foni limapeza kuti mwanayo wakhala akucheza pa Facebook, TikTok kapena WhatsApp ndi anthu odzitcha a bungwe lothandiza achinyamata, ambiri a kunja. Ena mwa iwo akuti mwana akangonena, musinthe dzina ndi zovala tsiku lomwelo. Mabungwe ena, a konkuno, akuti ndi chiwanda, mubwere naye adzachiritsidwe. Onsewa amalankhula motsimikiza. Kodi kholo la ku Namwera kapena ku Makanjira lingadziwe bwanji malangizo oyenera kuwatsata?

Anaphiri (wa zachipatala cha ana):
Achemwali, tiyambe ndi zodziwika. Kuti autism ndi nkhani iyi zimapezeka pamodzi kawirikawiri n'zoona. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge anaunika mayankho a anthu oposa 600,000. Anapeza kuti pakati pa akuluakulu omwe amadzimva mosiyana ndi mmene anabadwira, autism imapezeka kuwirikiza maulendo 3 mpaka 6 poyerekeza ndi anthu ena. Ku Amsterdam, mu 2010, chipatala choona za nkhaniyi chinapeza autism mwa ana ndi achinyamata pafupifupi 8 pa 100 aliwonse omwe anatumizidwa kumeneko, pomwe bungwe la WHO linkanena kuti pa ana onse ndi pafupifupi mmodzi pa 100.

Koma mawu amodzimodziwo, akuti "ine sindine mtsikana", amachokera m'njira zosiyana. Mwana wa autism amamva zinthu pathupi mopitirira muyezo. Diresi ya yunifolomu yokanda m'khosi, bra yothina, chinyezi ndi fungo la msambo, zonsezi kwa iye ndi ululu weniweni, ndipo akhoza kudana ndi utsikana wonse chifukwa cha zimenezi. Amatenganso mawu monga mmene anenedwera. Akauzidwa kuti "atsikana sakwera mumtengo, sapita kunyanja kukakoka khoka", iye n'kukhala kuti amakonda zimenezo, amangowerengera kuti ndiye kuti ndine mnyamata. Wina atsikana anzake amamusala, anyamata ndiwo amamulola kusewera nawo. Ndipo alipo ena omwe kudzimva kumeneku n'kozama, kunayamba ali aang'ono ndipo sikusintha ngakhale zaka zipite. Palibe munthu amene angasiyanitse zimenezi pocheza kamodzi, ndiye bungwe loyankha pa meseji, lomwe mwanayo silinamuonepo, lingathe bwanji?

Che Amidu (woteteza ana m'madera):
Anaphiri mwasiyako njira imodzi, ndipo ndi yomwe iyenera kufufuzidwa poyamba: nkhanza zogonana. Mtsikana yemwe wagwiriridwa kapena akugwidwagwidwa amatha kuyamba kudana ndi thupi lake, kubisa mabere, kukana kusamba, kufuna kukhala mnyamata kuti asiye kulondoledwa. Sikuti mwana aliyense wonena zimenezi wachitiridwa nkhanza ayi, koma kusafufuza n'kulakwa kwakukulu. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya Lancet mu 2012 anaonetsa kuti ana olumala amachitiridwa nkhanza kuwirikiza maulendo 3.7, ndipo nkhanza zogonana maulendo 2.9, poyerekeza ndi ana ena.

Onani ngati kusinthaku kwabwera mwadzidzidzi, ngati wayambanso kukodza pogona, ngati akukana njira ina yake kapena munthu wina wake, ngati ali ndi ndalama kapena mayunitsi osadziwika kochokera. Kafunsidwe ndi komwe ambiri amalakwitsa. Mwana wa autism amabwereza mawu omaliza omwe wamva, kapena amavomera kuti mafunso athe. Mukafunsa kuti "amalume ako anakugwira?", ayankha "anakugwira", ndipo umboni waonongeka. Funsani motere: "Ndiuze zomwe zinachitika pamene umachokera ku madrasa." Mukhale chete, mum'patse nthawi, ena amatenga mphindi yathunthu asanayankhe. Afunse munthu mmodzi, pamalo opanda phokoso, alembe mawu a mwanayo monga mmene watulutsira, ndi tsiku lake. Ngati pali chikayikiro choti wagwiriridwa, musamusambitse, zovala musachape, pitani kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Kenako ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Nambala ya 116 ndi yaulere.

aBanda (wothandiza pa zamalamulo):
Pa funso la Abiti lenilenilo, bungwe limayesedwa ndi mafunso ochepa, ndipo lomwe likukwiya pofunsidwa layankha kale. Kodi linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si a boma, yomwe kale inkatchedwa NGO Board? Ku khonsolo ya Mangochi ndi ku Social Welfare akulidziwa? Lili ndi ndondomeko yolembedwa yotetezera ana, ndipo dzina la munthu wolandira madandaulo ndi ndani? Amene akupereka malangizo okhudza thupi ndi mankhwala analembetsedwa ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council? Munthu wongodzipereka, ngakhale wa mtima wabwino chotani, alibe mphamvu youza mwana kuti "iwe ndiwe wotere" kapena kumutchulira mankhwala.

Komabe kulembetsa sikutanthauza kuti zonse zomwe bungwe likunena n'zolondola. Ku England kuli bungwe lotchuka pa nkhaniyi lotchedwa Mermaids, lolembetsedwa bwinobwino. Charity Commission, yomwe imayang'anira mabungwe otere kumeneko, inayamba kulifufuza kumapeto kwa 2022, ndipo lipoti linatuluka mu October 2024. Linapeza kuti kayendetsedwe ka bungwelo kanali kolakwika pamene linkakula mofulumira. Linaliuza kuti liunikenso zomwe linkanena zoti mankhwala oimitsa kutha msinkhu sasiya vuto munthu akawasiya, komanso kuti likadzafuna kuyambiranso kupereka zomangira mabere kwa ana, makolo azikhudzidwa. Tinenenso mwachilungamo kuti lipoti lomwelo silinapeze umboni woti bungwelo linkapereka malangizo a chipatala kwa ana. Ngati dziko lokhala ndi oyang'anira amphamvu choncho zinatenga zaka ziwiri kuti aunike bungwe limodzi, nanga tsamba la pa Facebook lopanda adiresi?

Anaphiri:
Pa mankhwala oimitsa kutha msinkhuwo ndionjezere. Mu 2020 a NHS England, oyendetsa zipatala za boma kumeneko, anapempha Dr Hilary Cass, dokotala wa ana, kuti aunike chithandizo chonse cha ana otere. Yunivesite ya York inasanthula kafukufuku yemwe analipo, ndipo lipoti lomaliza linatuluka mu April 2024. Linati umboni woti mankhwalawa amathandiza maganizo a mwana ndi wofooka kwambiri, ndipo pali nkhawa pa kulimba kwa mafupa, kukula kwa ubongo ndi kubereka m'tsogolo. Linati mwana aziunikidwa yense, kuphatikizapo kuyezedwa autism ndi matenda a nkhawa. Linatinso kusintha dzina ndi zovala pagulu si chinthu chopepuka, chimatha kukhudza njira yomwe mwanayo adzatsate, makamaka akakhala wamng'ono. Chipatala cha Tavistock chomwe chinkaona ana amenewa chinatsekedwa mu March 2024, ndipo mu December chaka chomwecho boma la UK linaletsa, mopanda tsiku lothera, kupereka mankhwalawa kwa odwala atsopano osakwana zaka 18 pa vuto limeneli kunja kwa kafukufuku. Finland mu 2020 ndi Sweden mu 2022 anali atayamba kale kubweza m'mbuyo. Ndiye kapepala kalikonse konena kuti mankhwalawa "amangoimitsa nthawi basi, palibe choopsa" kakunena zoposa zomwe umboni ukulola.

Che Mussa (mlangizi wa achinyamata):
Anaphiri, zonse mwanenazo n'zoona, koma ndikuopa mmene ena pagulu pano azitengere. Madokotala sagwirizana onse. American Academy of Pediatrics, bungwe la madokotala a ana ku America, inatsimikizanso mu 2023 mfundo zake zothandiza mwana m'njira yomwe akudzimvera, ngakhale inapemphanso kuti umboni uunikidwe mwatsopano, ndipo bungwe la WPATH, la akatswiri othandiza anthu odzimva mosiyana ndi mmene anabadwira, linatsutsa zambiri za lipoti la Cass. Komanso lipotilo silinanene kuti anawa akunama kapena kuti asiyidwe. Linati akuvutika ndipo akufunika chisamaliro chabwino kuposa chomwe ankalandira. WHO nayo, m'buku lake latsopano la matenda lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, inachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a misala.

Ndipo tinene zoona, kuno kwathu mwana wa ku Chimwala sapatsidwa jakisoni wa ku London. Choopsa chomwe chili pafupi naye ndi chikwapu, kumangidwa pa mapemphero a usiku, kutemeredwa mphini kwa asing'anga, kapena kukwatitsidwa msanga ati achire. Bungwe lolonjeza kuti lisintha mwana ndi kusala kudya kapena kumutsekera liyesedwe ndi mafunso omwewo a aBanda. Autism isakhale chifukwa chonenera kuti "sakudziwa chomwe akunena". Ana a autism ambiri amanena zomwe akumva mosabisa kuposa ife.

Anaphiri:
Apo tikugwirizana, achimwene. Kusathamanga n'kosiyana ndi kumutseka pakamwa. Yankho loyamba la kholo likhale lalifupi ndi lomveka, chifukwa mawu ozungulira mwana wa autism samawagwira: "Ndamva. Sindikumenya. Ndiwe mwana wanga. Tizikambirana." Kenako mafunso a zinthu zogwirika. Osati "ukumva bwanji mumtima", koma "ndi chiyani chomwe chimakuvuta kwambiri pa utsikana: zovala, msambo, mabere, ntchito zapakhomo, kapena mmene anthu amakuitanira?" Ena amayankha bwino pojambula kapena poloza zithunzi. Chomwe chikutheka kukonzedwa chikonzedwe, ndiye muone chotsala. Zimenezi zimatenga miyezi.

Shehe wa ku Mpondasi:
Ana anga, ndalowa pa nkhani ya chinamwali. Tchuthi cha August chikafika, makolo ena amaganiza kuti mwana wotere akapita ku jando kapena ku nsondo akabwerako atawongoka. Ndikupempha kuti asatumizidwe ndi cholinga chimenecho. Mwana wa autism amadalira kuti tsiku liziyenda monga la dzulo. Kumsasa kuli ng'oma, nyimbo za usiku, chakudya chachilendo, anthu achilendo, mayi ake kulibe. Akasokonezeka amakuwa, amadzimenya kapena kuthawa, ndipo osamudziwa amati ndi mwano, n'kumulanga. Ngati banja likufuna mwambo, likambirane ndi angaliba kapena anankungwi, mdulidwe uchitikire kuchipatala, masiku akhale ochepa, ndipo wachibale yemwe mwanayo amamudalira asachoke pambali pake. Za chipembedzo tidzaphunzitsa monga tiphunzitsira ana onse, koma palibe chiphunzitso cholola kuzunza mwana wofooka.

Che Amidu:
Zikomo a Shehe, mwakhudza kuthawa. Kafukufuku wa ku America wa 2012 anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism amayesapo kuchoka pamalo otetezeka osauza munthu, ndipo ambiri amakopeka ndi madzi. Ife tili pakati pa nyanja ya Malawi, Shire ndi Malombe, ng'ona zilimo. Tsiku lomwe pakhomo pabuka mkangano pa nkhaniyi ndi tsiku lomwe mwana angasowe. Akasowa, anthu oyamba athamangire kudooko ndi kumtsinje, ena ndiwo apite kumsika ndi kudepoti.

Mayi Nasibeko (wa gulu la amayi pasukulu):
Pepani akuluakulu, pali pomwe sindikumvetsa. Mabungwe ena amauza aphunzitsi kuti mwana akakuululirani, makolo asadziwe. Ife timaphunzitsidwa kuti chinsinsi pakati pa wamkulu ndi mwana ndiye khomo la zoipa. Nanga ngati bambo ake ndi aukali, oti akamva akhoza kumuvulaza?

aBanda:
Amayi, pali zinthu ziwiri zomwe zimasokonezedwa. Kusunga nkhani ya mwana kuti isafalikire n'koyenera. Kulonjeza mwana kuti "izi zikhala za ife awiri" n'koletsedwa kwa aliyense wogwira ntchito ndi ana. Mphunzitsi amuuze mwanayo poyera kuti auza munthu mmodzi woyang'anira chitetezo cha ana, amutchule dzina. Nthawi zambiri makolo ayenera kudziwa, chifukwa ndiwo ali ndi udindo pa mwana wosakwana zaka 18, malinga ndi Malamulo Aakulu a dziko monga anasinthidwira mu 2017, komanso lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Ngati pali chiopsezo chenicheni cha nkhanza pakhomo, mphunzitsi asasenze yekha. Apite kwa wa Social Welfare, iwo aone woyamba kuuzidwa, mwina mayi, mwina azakhali kapena agogo, ndipo pouza bambowo pakhale munthu wina wamkulu.

Apa ndi pomwe malangizo a kunja amaphonya kwambiri. Amalimbikitsa mwana kudziulula kusukulu ndi pa intaneti, chifukwa analembedwera maiko ena. Kuno Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango, ili ndi ndime 153, 156 ndi 137A zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za Malamulo Aakulu linakana kuthetsa malamulo amenewa. Umodzi mwa milandu yomwe inafika kumeneko unayambira m'khoti la majisitireti konkuno ku Mangochi. Ndimezi zimanena za mchitidwe wogonana. Mwana wonena mmene akudzimvera sanapalamule mlandu, ndipo asaopsezedwe ndi polisi. Koma anthu pamsika sasiyanitsa zimenezi, ndipo mwana wa autism sadziwa kusankha womuuza. Aphunzitsidwe mwachindunji, ndi maina: nkhani iyi umakamba ndi amayi, ndi aphunzitsi akuti, ndi adokotala, basi. Ndipo nafenso tisaike dzina kapena chithunzi cha mwana m'magulu a WhatsApp ati tikufunsa nzeru.

Che Mussa:
Za foni. Wofuna kunyengerera mwana amatsata njira yodziwika: amayamba pagulu, amamuyamikira, amamukokera ku inbox, amamutumizira bandulo kapena kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba, amamuuza kuti makolo ako sangakumvetse koma ine, kenako amapempha chithunzi cha thupi, mwina ati aone ngati chomangira mabere chingamukwane. Mwana wosungulumwa yemwe sazindikira chinyengo pa mawu amagwa msanga. Bungwe loona silicheza ndi mwana payekha usiku, silipempha zithunzi, silitumiza katundu mobisa.

Mukapeza zotere musalande foni mwaukali, chifukwa mwanayo asokonezeka ndipo ulendo wina abisa. Jambulani kaye mameseji, nambala ndi dzina la tsambalo musanatseke munthuyo. Zithunzi zamaliseche za mwana musazitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa achibale, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa, pitani ndi foniyo kupolisi. Kenako ikani malamulo olembedwa pakhoma: foni imagona kuchipinda kwa makolo, imagwiritsidwa ntchito pabwalo kapena pabalaza, kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti. Ana a autism amasunga lamulo lomveka bwino kuposa chilango chobwera mwadzidzidzi. Facebook ndi TikTok eni ake salola ana osakwana zaka 13, ndipo pa foni za Android pali Family Link yothandiza kholo kuika malire.

Anaphiri:
Zinthu ziwiri zomwe mwana angachite payekha atawerenga pa intaneti, ndipo zonse n'zotheka konkuno. Choyamba ndi kumanga mabere ndi bandeji, tepi kapena lamba wa chitenje. Zimenezi zimathina nthiti, zimachepetsa mpweya, zimabweretsa zilonda ndi mafangasi pakhungu, ndipo bandeji yotamuka imathinirathinira munthu akamapuma. Ndi kutentha kwathu kwa October ndi November mwana akhoza kukomoka m'kalasi. Ana a autism ambiri sazindikira msanga ululu kapena kubanika, ndiye sadandaula. M'malo mwake mugulireni bra ya masewero yosathina kwambiri, yopanda waya, ndi malaya otakasuka a nsalu yokhuthalako. Ngakhale omwe amavomereza zomangirazi amati asapitirire maola 8, asagone nazo, asathamange nazo.

Chachiwiri ndi mankhwala ogula mwamseri. Mnyamata amatha kumwa mapiritsi olera a achemwali ake kuti amere mabere. Mapiritsi amenewa ali ndi mtundu wa esitirojeni, homoni ya akazi, womwe umakweza chiopsezo cha magazi kuundana m'mitsempha, makamaka akamwedwa ambiri. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena akayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, ndi za changu. Testosterone, homoni ya amuna, kwa mtsikana imakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu, ndipo mawuwo sabwereranso. Ana a autism ambiri alinso ndi khunyu, ndipo mankhwala ena a khunyu amasokonezana ndi mahomoni. Pakhomo mankhwala onse atsekeredwe, pamodzi ndi tameki ndi mankhwala a m'munda. Ngati mwana wasiya kudya, akudzicheka kapena akutchula za imfa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikum'patsa maganizowo. Akavomera, asasiyidwe yekha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Abiti Yusufu:
Kumbali ya sukulu, zambiri zimatheka popanda kulengeza chilichonse. Mtsikana akonzekeretsedwe za msambo usanayambe, ndi zithunzi zotsatana: kuchotsa, kukulunga, kutaya, kuvala ina, kusamba m'manja. Ayeserere kuvala padi masiku wamba kuti azolowere, ndipo ngati ya nsalu ikumukanda ayese mtundu wina. Yunifolomu ichotsedwe kachikwangwani ka pakhosi, isokedwe motakasuka, ndipo aphunzitsi aakulu akhoza kulola kabudula wamkati. Ngati akuopa kuchimbudzi chifukwa cha anzake, apite nthawi ya phunziro kukakhala kopanda anthu. Aphunzitsidwe maina enieni a ziwalo zobisika ndi lamulo loti palibe wozigwira kapena kuzijambula. Pakhale mphunzitsi mmodzi yemwe amakumana naye tsiku lodziwika pa sabata, chitseko chili chotsekula, ndipo alembe m'kope zomwe mwanayo wanena, kuti pakatha teremu muone ngati mawu ake akusintha kapena akulimbirabe. Kusintha dzina m'kaundula kapena kuuza kalasi si chisankho cha mphunzitsi yekha kapena cha bungwe lobwera kudzacheza.

Mayi Nasibeko:
Nanga kholo likafuna dokotala liyambire kuti? Ambiri ngakhale autism yeniyeniyo sanayezetse, amangoti mwana ndi wosamva.

Anaphiri:
Liyambire pachipatala chaching'ono chapafupi, lipemphe kalata yopita ku Mangochi District Hospital kukaonana ndi woona za umoyo wa maganizo. Iwo akhoza kutumiza kwa madokotala a ana ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwiranso ntchito ndi ana otere. Mutenge buku lachipatala lakale lonse, kope la aphunzitsi, mankhwala omwe akumwa, ndi munthu wodziwa ubwana wake: anayamba kulankhula liti, ankaloza zinthu, ankatembenuka akaitanidwa. Pemphani kuti aunikidwe makutu, khunyu, tulo, nkhawa ndi nkhanza, osati nkhani imodzi yokhayi. Nenani pakhomo pomwe kuti mwanayo salimba pamzere wautali ndi phokoso, kapena wina agwire malo iye akudikira panja pamthunzi. Buku lachipatala limadutsa m'manja ambiri, alembi, a kufamase, achibale pakhomo, choncho pemphani dokotala kuti zomwe mwana wanena za kudzimva kwake zilembedwe m'faelo yotsala kuchipatala, m'bukumo mulowe za autism, mankhwala ndi tsiku lobwereranso.